John Buchanan: Kazembe amene adalawa chikoti kwa Makanjira

M'chaka cha 1888, sitima yapamadzi ya mishoni ya Anglican yotchedwa Charles Janson idaima pafupi ndi mudzi waukulu wa Mfumu Makanjira, kugombe la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, m'dera limene lero lili m'boma la Mangochi. Azungu awiri adatsika m'sitimamo kupita kumtunda. Mmodzi adali mbusa William Percival Johnson, amene anthu a m'mbali mwa nyanja adali atamuzolowera kale. Winayo adali John Buchanan, yemwe panthawiyo ankagwirizira udindo wa kazembe wa dziko la Britain kuno. Cholinga cha ulendowo chidali kupalana ubwenzi ndi mfumuyo m'dzina la Mfumukazi Victoria.

Dzina la mfumukaziyo silidaopse munthu pagombepo. Anthu a Makanjira adagwira alendo awiriwo, kuwavula zovala ndi kuwatsekera. Buchanan adakwapulidwa ngati wakuba wogwidwa m'munda mwa eni. Kuti awiriwo amasulidwe, anzawo otsala m'sitima adachita kupereka dipo, ndipo m'gulu la katundu woperekedwayo mudali zigubu za penti, chinthu chimene mfumu yokhala ndi zombo panyanja inkachisowa kwambiri.

Patangotha chaka chimodzi, munthu yemweyo amene adaomboledwa ndi penti ndiye adalengeza kuti mapiri a kummwera kwa dziko lino ali pansi pa chitetezo cha Britain. Mbiri ya moyo wake ikuonetsa mmene ulamuliro wa atsamunda udayambira: ndi anthu ochepa, opanda asilikali, amene poyamba ankakhala mwachisomo cha mafumu a kuno.

Mlimi wa maluwa wa ku Muthill

John Buchanan adabadwa m'chaka cha 1855 m'mudzi wa Muthill, m'dera la Perthshire ku Scotland. Banja lake silidali la anthu olemera kapena ophunzira kwambiri. Ali mnyamata adaphunzira ntchito yosamala maluwa ndi mitengo m'minda ya Drummond Castle, nyumba yachifumu yoyandikana ndi kwawoko. Kukadapanda zochitika za m'zaka zimenezo, mwina akadakalamba ali ndi khasu m'manja, akutengulira maluwa a mabwana ake.

Koma imfa ya David Livingstone mu 1873 idatakasa mipingo ya ku Scotland. Mpingo wa Free Church udatumiza gulu limene lidakhazikitsa Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, ndipo mpingo wa Church of Scotland udatsatira mu 1876. Gulu lachiwirili lidakhazikika m'dera la Mfumu Kapeni, pamalo amene Henry Henderson adasankha, ndipo lidatcha malowo Blantyre potengera dzina la mudzi umene Livingstone adabadwira. Buchanan, ali ndi zaka 21 zokha, adali mmodzi mwa amisiri a m'gululo. Iye sadali mbusa. Ntchito yake idali yolima, kukumba ngalande zamadzi ndi kuonetsetsa kuti mishoni ili ndi chakudya.

Pa ntchito imeneyo adali katswiri. Adaphunziranso msanga Chiyao ndi kudziwa kayendedwe ka zinthu m'mabwalo a mafumu. Mu 1879 adakatsegula nthambi ya mishoni ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, m'dera la Mfumu Malemia. 

Chikoti cha pa mishoni

Zaka zoyamba za Blantyre zili ndi banga limene mpingo womwewo sudalibise. Pamishonipo padadzaza anthu othawa nkhondo ndi ukapolo, ndipo amishoni adayamba kudziona ngati boma. Adayamba kuweruza milandu, kutsekera anthu ndi kupereka zilango. Oganiziridwa kuba ankawamanga ndi kuwakwapula zikoti zosawerengeka. Munthu wina adamwalira atakwapulidwa. Mu 1879 munthu winanso, amene ankamuganizira kuti adapha mayi wina, adamuombera ndi mfuti ngakhale umboni womutsutsa udali woperewera.

Nkhanizi zidafika ku Britain mu 1880 kudzera m'kabuku ka Andrew Chirnside, mlenje wa ku Australia amene adadutsa ku Blantyre. Anthu opereka ndalama ku mishoni adakhumudwa zedi, moti mpingo udatumiza mbusa James Rankin ndi Alexander Pringle kuti adzafufuze. Rankin adali mbusa wa ku Muthill, kwawo kwenikweni kwa Buchanan, koma ubale umenewo sudapulumutse mnyamatayo. Mu 1881 mpingo udachotsa mtsogoleri wa mishoni, mbusa Duff MacDonald, pamodzi ndi amisiri awiri, George Fenwick ndi John Buchanan. Utsogoleri udapita kwa David Clement Scott.

Amisiri awiri ochotsedwawo adakhalabe m'dziko muno, koma njira zawo zidasiyana. Fenwick adayamba malonda a minyanga, ndipo mu 1884 adapha Chipatula, mfumu ya Amakololo, atakangana naye. Anthu a mfumuyo nawonso adamupha pobwezera. Buchanan adabwerera ku Zomba kukayamba ulimi wakewake.

Mwini minda, kenako kazembe

Khofi adafika ku Blantyre mu 1878, pamene Jonathan Duncan adabweretsa mbande kuchokera kumunda wa zomera wa ku Edinburgh. Buchanan ndiye adaonetsa kuti mbewuyi ingakhale malonda. Pamodzi ndi abale ake David ndi Robert, adakhazikitsa kampani ya Buchanan Brothers ndipo adalima khofi, nzimbe ndi fodya. Malo ankawapeza kwa mafumu posinthanitsa ndi nsalu, mfuti ndi tizinthu tina. Mafumu ambiri ankaona ngati akungoloza mlendo pokhala monga mwa mwambo, pamene mlendoyo ankawerenga kuti wagula nthakayo mpaka muyaya. Kusamvana kumeneku kudabala mavuto a malo amene maboma a kummwera akulimbana nawo mpaka lero.

Chikondi chake pa zomera sichidazilale. Ankatola masamba ndi maluwa m'nkhalango n'kumazitumiza kwa akatswiri ku Britain, ndipo zomera zingapo zidatchedwa dzina lake. Mtengo waukulu wa mkweranyani, umene umapezeka m'nkhalango za m'mapiri, akatswiri amautcha Newtonia buchananii. Mu 1885 adatulutsa buku lofotokoza za mapiri a Shire, lokopa azungu anzake kuti abwere kudzalima.

Panthawiyi Britain idali itayamba kutumiza kazembe wa madera a kunyanja. Woyamba, Captain Foot, adasankhidwa mu 1883 koma adamwalira chaka chotsatira. Kenako kudabwera A. G. S. Hawes, amene adasankha kukhala ku Zomba. Nyumba ya kazembeyo, imene idamangidwa mu 1886 ndipo pambuyo pake idadzakhala Hotel Masongola, adaimanga ndi Buchanan. Hawes atachoka kumayambiriro kwa 1888, udindo wake udatsala m'manja mwa mlimi uja amene mpingo udamuchotsa ntchito zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo.

Udindowo udali ndi dzina lalikulu koma wopanda mano. Kazembe sadali wolamula dziko. Adalibe asilikali, adalibe apolisi, adalibe ngakhale sitima yakeyake. Ntchito yake idali kulemba malipoti a malonda a akapolo ndi kuyankhulira nzika za Britain kwa mafumu. Chaka chomwecho cha 1888 adapita ku Karonga, kumene kampani ya African Lakes inkamenyana ndi Mlozi, kukayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, koma adabwerako chimanjamanja.

M'manja mwa Makanjira

Makanjira sadali mfumu wamba. Adali mmodzi mwa mafumu amphamvu kwambiri a Ayao, Msilamu wogwirizana ndi amalonda a kugombe la nyanja yamchere, ndipo adali ndi mfuti zambiri komanso zombo zoyenda ndi matanga. Mudzi wake udali pamalo pamene nyanja ili yopapatiza, choncho udali doko lofunika pa njira ya minyanga ndi akapolo. Anthu ogwidwa kutsidya la kumadzulo ankawafikitsa kugombe la cha ku Salima, kuwaolotsa pa zombo, kenako kuwayendetsa wapansi ulendo wa miyezi kupita ku Kilwa ndi madoko ena.

Kwa mfumu yotere, kubwera kwa kazembe wa Britain sikudali nkhani yosangalatsa. Ntchito ya kazembe inkadziwika kuti ndi yolimbana ndi malonda amene ankasunga ufumu wake. Kumpoto kwa nyanja azungu adali kale pankhondo ndi amalonda anzake. Mbusa Johnson nayenso adali atakumanapo ndi chikayiko chotere: mu 1881 anthu a Mfumu Mataka ku Mwembe adalanda katundu wake ndipo adachoka kumeneko, chifukwa ankamuganizira kuti ndiye adaulula za gulu la akapolo limene lidagwidwa kugombe. Choncho pamene awiriwa ankaponda mchenga wa kwa Makanjira, ankaponda pamalo pamene panali potentha kale.

Chimene chidawawa boma la Britain si ululu wa chikoti ayi, koma manyazi. Kuvula munthu wamkulu pagulu ndi chipongwe chachikulu pa chikhalidwe chilichonse, ndipo amene adavulidwayo adali woimira mfumukazi ya dziko limene linkadzitcha lamphamvu kuposa onse. Anthu a Makanjira adachita naye monga momwe ankachitira ndi wogwidwa aliyense waphindu: adamusunga, adatchula mtengo wake, ndipo mtengowo utaperekedwa adamumasula. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu amene adachotsedwa pa mishoni chifukwa cha nkhanza za chikoti tsopano adadziwa yekha kuwawa kwake.

Kugwidwa kwa nzika za Britain sikudali kwachilendo m'zaka zimene dzikolo linkafutukula ufumu wake. Ku Ethiopia, Mfumu Tewodros idamanga unyolo kazembe Charles Cameron ndi amishoni ena kuyambira mu 1864. Britain idatumiza asilikali pafupifupi 13,000 motsogozedwa ndi Robert Napier, amene adagonjetsa linga la Magdala mu Epulo 1868 ndi kumasula akaidiwo, ndipo Tewodros adadzipha. Koma kwa Makanjira sikudabwere msilikali ngakhale mmodzi. Boma la Lord Salisbury silidali lokonzeka kuononga ndalama pa dera lakutali limene njira yake yolowera idali m'manja mwa Apwitikizi. Kwa zaka zitatu, Makanjira sadalipire kanthu pa zimene adachita. Umenewu ndiwo udali mlingo weniweni wa mphamvu za Britain panyanja ya Malawi mu 1888.

Pali mfundo ina imene mbiri yolembedwa ndi atsamunda imaidutsa mofulumira. Buchanan ndi Johnson adakhala m'manja mwa owagwira kanthawi kochepa, ndipo maina awo adalowa m'mabuku. Pagombe lomwelo pankadutsa anthu ambirimbiri omangidwa m'magoli, opanda sitima yowadikira, opanda wowaperekera dipo. Ambiri adali ochokera m'midzi ya Achewa ya m'chigawo chapakati, kumene nkhondo zogwira anthu zidasokoneza ulimi ndi mabanja. M'zaka zimenezo anthu a Mfumu Mazengera adachita kuthawira pamwamba pa phiri la Nkhoma, chakum'mawa kwa Nathenje, poopa zigawenga za Angoni. Anthu oterewa ndiwo adali akaidi enieni a nyengoyo, koma maina awo palibe adawalemba.

Chilengezo cha 1889

Chimene chidasintha zinthu si chipongwe cha kwa Makanjira koma mpikisano ndi dziko la Portugal. Apwitikizi ankafuna kulumikiza Mozambique ndi Angola, ndipo mapiri a Shire adali pakati pa maloto amenewo. Mu 1889 Major Serpa Pinto adakwera mtsinje wa Shire ndi gulu lalikulu la asilikali. Harry Johnston, amene adali atangosankhidwa kukhala kazembe ku Mozambique, adakumana naye panjira ndi kumuchenjeza kuti asapitirire mtsinje wa Ruo. Kenako Johnston adapitirira kumpoto kukachita mapangano ndi mafumu, n'kusiya nkhaniyo m'manja mwa Buchanan.

Apwitikizi atayamba kulimbana ndi Amakololo a Mfumu Mlauri, Buchanan sadadikire chilolezo cha ku London. Mu Sepitembala 1889 adalengeza kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire zili pansi pa chitetezo cha Britain. Adalibe asilikali oteteza chilengezocho, monganso adalibe omuteteza kwa Makanjira, ndipo asilikali a Portugal adagonjetsa Amakololo ndi kufika mpaka kwa Katunga, kumunsi kwa Blantyre. Koma ulendo uno London idaima kumbuyo kwake, chifukwa mipingo ya ku Scotland idali itabuula kwambiri. Pa 11 Januwale 1890 Lord Salisbury adalamula Portugal kuchotsa asilikali ake, ndipo Apwitikizi adamvera. Chaka chomwecho Buchanan adalandira mendulo yaulemu ya CMG.

Mu Meyi 1891 chitetezocho chidafutukulidwa kufikira madera onse a kumadzulo ndi kummwera kwa nyanja. Johnston adakhala bwanamkubwa woyamba ndipo adakhazikika ku Zomba, m'nyumba ija idamangidwa ndi Buchanan. Zomba idakhala likulu la dziko lino mpaka 1975, pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe. Madera a m'chigwa cha Lilongwe, monga Mitundu ndi Nathenje, adalowa m'ulamuliro watsopanowu papepala mu 1891, ngakhale kuti boma lidafikako kwenikweni patapita zaka zingapo.

Ngongole ya chikoti

Johnston adabwera ndi chinthu chimene Buchanan adalibe: asilikali ochokera ku India, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Mu Okotobala 1891 adathira nkhondo mudzi wa Makanjira, kuutentha ndi kuononga zombo zimene adazipeza. Chifukwa chachikulu chimene ankatchula chidali malonda a akapolo, koma nkhani ya kukwapulidwa kwa kazembe idali isadaiwalike, ndipo Johnston adailembanso m'buku lake la mu 1897 pofotokoza za udani wake ndi mfumuyo.

Makanjira sadagonje msanga. Mu Disembala 1891 Maguire adaphedwa pamene ankafuna kutentha zombo zina za mfumuyo, ndipo sitima ya Domira imene adakwera idatitimira mumchenga pafupi ndi gombe. Dokotala Boyce ndi injiniya MacEwan adapita kumtunda kukakambirana zotenga mtembo wake, koma sadabwerere. Mu 1888 mzungu wogwidwa adali ndi mtengo ndipo ankamasulidwa. Mudzi utatenthedwa, nthawi ya dipo idali itatha.

Nkhondoyo idapitirira kwa zaka zina zinayi. Mu 1893 panyanja padafika sitima ziwiri zankhondo, Pioneer ndi Adventure, ndipo boma lidamanga linga la Fort Maguire m'dera la mfumuyo. Pofika mu 1895 Makanjira adakankhidwira kutsidya la malire, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi. Njira yoolotsera akapolo idatsekedwa, ndipo ichi chidali chipulumutso chenicheni kwa midzi yambiri. Koma m'malo mwake mudalowa msonkho wa nyumba, minda ikuluikulu ya azungu ndi ntchito ya thangata.

Mathero ake

Boma latsopano litakhazikika, Buchanan adabwerera ku minda yake. Johnston ataunika nkhani za malo, adatsimikizira kampani ya Buchanan Brothers umwini wa nthaka yambiri, ndipo banjalo lidakhala limodzi mwa eni malo akuluakulu m'mapiri a Shire. Koma chumacho sadachidyerere nthawi yaitali. Mu Malichi 1896, ali paulendo wopita ku Scotland, adamwalira pa doko la Chinde, pamene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja yamchere. Adali ndi zaka 40. Minda yake pambuyo pake idapita m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa.

Mnzake wa tsiku lija, mbusa Johnson, adakhala zaka zina 40 kuchokera pamene adagwidwa. Ngakhale maso ake adali ataonongeka ndi matenda, adapitiriza kuyenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi kumasulira Baibulo m'Chinyanja, mpaka adamwalira ku Liuli, m'dziko la Tanzania lamakono, mu 1928.

Buchanan ndi munthu wovuta kumuika mbali imodzi. Adali mlimi waluso amene adatsegula njira ya ulimi wa khofi ndi fodya wamalonda, komanso adali mmodzi mwa oyambitsa kulanda nthaka ya anthu ndi nsalu zochepa. Chilengezo chake chidachititsa kuti Blantyre ndi Zomba zisakhale mbali ya Mozambique, koma eni nthakayo ambiri sadafunsidwe. Adakwapulitsa anthu opanda omuyankhulira, ndipo naye adakwapulidwa pamene adalibe womuteteza.

Ufumu wa Makanjira ulipobe ku Mangochi mpaka lero, ndipo nyumba imene Buchanan adamanga ikadaima m'munsi mwa phiri la Zomba. Pakati pa malo awiriwa pali phunziro limene ana asukulu samalimva kawirikawiri: atsamunda sadafike kuno ali kale olamula. Padali nthawi imene woimira mfumukazi ya Britain ankatha kugwidwa, kuvulidwa ndi kuomboledwa ndi penti, ndipo padatenga zaka zisanu ndi ziwiri, asilikali a ku India ndi sitima zankhondo kuti zinthu zitembenuke.